Mankhwala a Mtima Wosweka

Aŵerengi, bala la pakhungu limaoneka, koma la mumtima limabisala. Ku Chiradzulu, kufupi ndi Limbe, kuli malo olererako ana amasiye otchedwa Amitofo, amene mkulu wina wa Chibuda wa ku Taiwan, Hui Li, anayambitsa m'chaka cha 2004. Kumeneko ana amaphunzira kukhala phee ndi kusinkhasinkha.

Chibuda chimaphunzitsa kuti munthu asathaŵe chisoni chake, koma achiyang'ane modekha kufikira chitaphwa. M'chaka cha 1979, Jon Kabat-Zinn anatengera njirayi ku chipatala cha yunivesite ya Massachusetts, ndipo lero akatswiri a za maganizo amathandiza nayo anthu ovutika ndi nkhaŵa.

Komabe mwana wamasiye sachira ndi kusinkhasinkha kokha. Amafunanso abale ake ndi chinenero cha kwawo, pakuti chibale n'fupa, sichiola.