Poizoni amene anagona m'ayezi wayamba kudzuka, ndipo akulowa m'nsomba

Nkhani ya kusintha kwa nyengo ikatulukira pa foni, ambirife timaganiza za Namondwe Freddy, ng'amba ndi kukwera mtengo kwa chimanga. Ine lero ndikufuna tiyang'ane kumpoto kwenikweni kwa dziko, ku Arctic, komwe nyanja ya mchere imaundana. Kumeneko kulibe mafakitale ambiri kapena minda ya fodya, koma nsomba zake zili ndi mercury komanso mankhwala ophera tizilombo monga DDT. Zinafika bwanji?

Mercury amakwera m'mlengalenga anthu akamawotcha malasha kapena kuyenga golide. Lipoti la bungwe la United Nations la 2018 linati okumba golide m'migodi ing'onoing'ono ndiwo amatulutsa mercury wochuluka kuposa wina aliyense, pafupifupi 38 pa 100 alionse. Mphepo imamuuluza mtunda wautali mpaka kukagwera m'nyanja. Mmenemo mabakiteriya amamusandutsa methylmercury, mtundu woopsa umene umakhazikika m'mnofu wa nsomba. Kansomba kakadya tizamoyo ta m'madzi, nsomba yaikulu n'kudya kansombako, poizoniyo amangochulukirachulukira.

DDT naye ndi chimodzimodzi. Amauluka kuchokera m'mayiko otentha n'kukatera kozizira, komwe amatsekeredwa m'madzi oundana kwa zaka zambiri. Pangano la Stockholm la 2001 linaletsa kumugwiritsa ntchito pa ulimi, koma amene anapoperedwa kale sanathe ayi. Anangogona.

Tsopano kutentha kukumudzutsa. Kafukufuku wa 2022 anapeza kuti kuyambira 1979, Arctic yakhala ikutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse. Ayezi akasungunuka, mankhwala akale aja amabwereranso m'madzi ndi mumpweya. Nthaka yomwe imakhala youndana chaka chonse nayonso ikusungunuka, ndipo asayansi a ku America anapeza mu 2018 kuti nthakayi inasunga mercury wochuluka zedi.

Chomwe chinandidabwitsa kwambiri ndi kafukufuku wa yunivesite ya Harvard wa 2019, wokhudza nyanja ya Gulf of Maine. Madzi akafunda, thupi la nsomba limafuna chakudya chambiri, ndiye imadya kwambiri n'kumeza mercury wambiri. Iwo anawerengera kuti madzi akatentha ndi digiri imodzi yokha, mercury m'nsomba ya cod akhoza kukwera ndi 32 pa 100 alionse. Tangoganizani: mayiko akuyesetsa kuchepetsa utsi wa mercury, kwinaku kutentha kukubweza ntchito yonseyo m'mbuyo.

Amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi anthu monga a Inuit a ku Canada ndi Greenland, omwe ndiwo zawo ndi nsomba ndi nyama za m'nyanja. Mercury amawononga ubongo ndi mitsempha, makamaka ya mwana amene ali m'mimba. Dziko linaona kuopsa kwake ku Minamata, ku Japan, mu 1956, pomwe anthu anayamba kunjenjemera, kulephera kuyankhula ndi kufa atadya nsomba za m'madzi omwe fakitale inkatayiramo zoipa. Pangano lolimbana ndi mercury la 2013 linatenga dzina la mzinda umenewu.

Mwina mukufunsa kuti, nanga karapao wathu uja? Zoonadi, karapao wambiri amagwidwa m'madzi ozizira a ku Namibia. Koma musataye ndiwo, abale. Nsomba zing'onozing'ono ngati karapao ndi pilchard za m'chitini zimakhala ndi mercury wochepa. Vuto lili pa zimphona zodya zinzake monga shaki, swordfish ndi tuna wamkulu. Izi amayi oyembekezera ayenera kuzipewa, ndipo dziwani kuti kukazinga kapena kuwiritsa sikuchotsa mercury.

Kwa ine, nkhaniyi ikutikhudza kwambiri kumbali ya gwero. Ku Zimbabwe, Tanzania ndi ku Manica ku Mozambique, achinyamata anzathu amasakaniza mercury ndi dothi la golide ndi manja, kenako n'kuwotcha. Woyamba kupuma utsiwo ndi iwo eni, wotsala umapita ndi mphepo. Poti golide wayamba kukokanso achinyamata ambiri kuno kwathu, boma likamapereka ziphaso za migodi lifunsenso kuti golideyo akuyengedwa ndi chiyani.