Kuonera ndi Kutengera pa Luso Lojambula

M'Chichewa muli mawu awiri amene amandithandiza kumvetsa zomwe zimachitika wojambula akayang'ana ntchito ya mnzake. Mawuwa ndi "kuonera" ndi "kutengera". Mwana woonera pamayeso amalangidwa, koma mwana akatengera mayendedwe a bambo ake anthu amangoseka, chifukwa miyendo ndi yake ndithu.

Patchuthi ndimakhala kwa amalume ku Lilongwe, omwe amagwira ntchito ku Capital Hill, kulikulu la maofesi a boma chisamukire likulu la dziko kuchoka ku Zomba m'chaka cha 1975. Ndinayamba kujambula poonera zithunzi zimene anyamata amagulitsa pafupi ndi positi ofesi ku Old Town: malambe, mabwato, ndi amayi atali opanda nkhope atasenza mitsuko. Ndinakopera zingapo bwinobwino. Amalume ataziona anangofunsa kuti, "Mayiwa unawaona kuti?" Ndinachita manyazi. Sindinawaone paliponse, ndinaona chithunzi chawo chabe.

Nditabwererako ndinasiya kuyang'ana chomwe chajambulidwa n'kuyamba kufunsa mmene chajambulidwira. Apo ndinazindikira kuti kulemera kwa mtsuko sikuoneka pa mtsukowo ayi. Kumaoneka pa khosi lowuma la mayi, pa phewa limodzi lotsika pang'ono, ndi pa phazi lomwe latsamira pansi. Chimenechi ndicho ndinatengera.

Phunziro lina ndinalipeza pa zithunzi za m'mapanga a ku Chongoni m'boma la Dedza, malo okwana 127 omwe bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wake mu 2006. Zoyera zija, zomwe Achewa anajambula ndi dothi pa miyambo ya chinamwali ndi Nyau, zilibe zokongoletsa zambiri, koma mawonekedwe ake sasokoneza. Kwa ine, amene ndinkadzaza pepala lonse ndi timizere, izi zinandidzudzula.

Tsiku lina masana ndinakhala pansi pa mtengo ku Capital Hill kudikira amalume. Panadutsa mesenjala atanyamula mafayilo ofika m'chibwano. Ndinamujambula ndi mizere yowerengeka, nkhope osaiika, kulemera konse ndinakuika pa msana ndi m'mawondo monga ndinaphunzirira ku Old Town. Madzulo amalume anachiyang'anitsitsa chithunzicho, kenaka anatchula dzina la munthuyo.