Chimene Chimang'amba Mbale za Mtengo

Tikatsiriza kukolola ndi kutonola chimanga, ambiri a ife timatenga kasemasema ndi kuyamba kusema mithiko, zipande ndi mbale. Ndi ntchito yoyenera chilimwe, popeza ndalama yake imalowa pamene m'munda mulibe chogulitsa. Komabe mbale zambiri zimang'ambika zisanafike pamsika, ndipo wosema amanamizira dzuwa, chonsecho vuto linayambira pa kadulidwe ka chipika.

Mtengo wauwisi uli ndi madzi ambiri, ndipo pouma umafota. Koma sufota mofanana mbali zonse. M'litali sufupika kwenikweni. Motsata mizere yozungulira ija timaiona pachitsa, umafota pafupifupi kawiri kuposa mmene umafotera kuchokera kumtima kupita kukhungwa. N'chifukwa chake chipika chosiyidwa chathunthu chimachita mng'alu woyambira pamtima. Amene amadula chipika ngati gudumu ndi kukumba mbale pakati pake, wasiya mtima womwewo pansi pa mbaleyo, ndipo mng'alu sudzalephera kubwera.

Tiyeni tsono tizing'amba chipika m'litali, kupyola pamtima penipeni, kenaka tisemeko mtimawo wonse. Theka lililonse limatulutsa mbale yake. Tiseme mtengo ukadali wauwisi, chifukwa ndi pamene uli wofewa, koma tisatsirize tsiku lomwelo. Mbale yotambalala masentimita 30 tiisiyire makoma ochindikala masentimita 3, mofanana kuyambira kukamwa kufikira pansi, pakuti mbali yopyapyala imauma msanga ndi kukoka inzake. Tikatero tiiike m'thumba la pepala pamodzi ndi tizidutswa timene tagwa posema, ndi kuisunga pamthunzi, kutali ndi moto ndiponso denga lamalata. Kutentha kwa October kuno ku Eastern Province kumaumitsa kunja kwa mtengo m'kati mukadali madzi. Tiziiyeza pasikelo mlungu uliwonse; kulemera kukaleka kutsika, ndiye kuti yauma. Idzakhala itapotoka pang'ono, ndipo makoma ochindikala aja ndiwo adzatipatsa poiwongolera.

Za mtengo woyenera, mango wokalamba woleka kubala ndi malaina amasemeka bwino, ndipo timakhala nayo pakhomo. Mlombwa ndi wokongola koposa, sitikana, koma umakula pang'onopang'ono, ndipo lamulo la zankhalango la 2015 limafuna chilolezo cha Forestry Department kwa wodula mitengo ya m'nkhalango kuti achite nayo malonda. Mwavi ndi nkhadze tizipeweretu, pakuti zili ndi ululu. Chimodzimodzi milongoti ndi matabwa othiridwa mankhwala a chiswe, makamaka aja obiriwira: mankhwalawo amalowa m'kati mwa mtengo, ndipo kupala sikuwachotsa.

Pomaliza pamafunika kudziletsa. Vanishi amanyezimira ndi kukopa ogula, koma amasupuka akakumana ndi nsima yotentha. Chiwiya chodyera tichipake phula la njuchi losungunulidwa ndi mafuta odyedwa pang'ono, lilowe usiku umodzi, m'mawa tipukute. Amene munaphunzira ulimi wa njuchi muli nalo kale phulali. Ogula tiziwauzanso kuti mbale yotere siinyikidwa m'madzi usiku wonse, ngakhale itabwera ndi mafuta a ndiwo kuchokera ku chakudya cha pamodzi cha pa Sabata. Aitsuke msanga ndi sopo, aipukute, aiimike chammbali pathandala pamene pali mthunzi.