Wailesi, Wotchi ndi Kanema Zikawoloka Malire

Chaka ndi chaka timatsazikana ndi abale opita kunja. Ansembe athu amatumidwa kukaphunzira ku Roma, ku Nairobi kapena ku America, achimwene ndi achemwali amapita ku Joni kukafuna ntchito, enanso ali ku Mangalande ndi ku Ireland. Popita amanyamula katundu wa kuno, pobwera amatitengera wa kumeneko. Koma zipangizo zina zikangowoloka malire zimasanduka zidole. Wailesi imangolira phokoso, wotchi imanama, kanema amangoti bii! Kwathu ku Zingwangwa ndimakonda kucheza pa khonde la bambo wina wokonza mawailesi pafupi ndi msika, ndipo zambiri mwa zomwe zaunjikana pa shelefu yake ndi mphatso zochokera kunja zomwe zinapsa tsiku lomwe zinafika. M'nkhani ino ndikufuna ndifotokoze chimene chimachititsa zimenezi, pophatikiza zomwe ndaona pamenepo ndi zomwe timaphunzira mu Physics.

Magetsi sali ofanana

Magetsi a m'nyumba ali ndi zinthu ziwiri zoyenera kuzidziwa. Choyamba ndi mphamvu yokankha, yomwe imayezedwa mu mavolti. Chachiwiri ndi liwiro limene magetsiwo amasinthira mbali, kupita ndi kubwerera, lomwe limayezedwa mu Hertz. Magetsi amene EGENCO imapanga ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, n'kutifikira kudzera mwa ESCOM, ndi a mavolti pafupifupi 230 ndipo amasintha mbali maulendo 50 pa sekondi. Ku South Africa, Zambia, Britain ndi Italy ndi chimodzimodzi. Koma ku America ndi ku Canada ndi mavolti 120 ndi 60 Hertz. Ku Japan ndi mavolti 100, ndipo dziko lomwelo lili pawiri: ku Tokyo ndi 50 Hertz pomwe ku Osaka ndi 60.

Tsono wailesi yopangidwira mavolti 120 ikalumikizidwa ku soketi ya kuno imalandira mphamvu pafupifupi kuwirikiza kawiri, ndipo kutentha m'kati mwake kumayandikira kuwirikiza kanayi. Mapeto ake ndi utsi ndi fungo la waya. Nyumba ingathe kupsa. Simbi ya kuno ikapita ku America sipsa ayi, koma imangofunda, osasita ngakhale kolala ya a Bambo.

Mankhwala ake ndi kuwerenga. Kumbuyo kapena kunsi kwa chipangizo chilichonse kuli timalemba. Mukaona 100–240V, 50/60Hz, monga zimakhalira pa matchaja ambiri a foni ndi a kompyuta, mtima ukhale m'malo, chimenecho chigwira ntchito kulikonse. Mukaona 120V pokha, pafunika thiransifoma yotsitsa mphamvu, ndipo mawati ake aziposa a chipangizocho. Thiransifoma ya mawati 50 ingathe wailesi koma singathe ketulo ya mawati 1500.

Palinso nkhani ya mapulagi. Athu ndi a mano atatu a makona anayi, ofanana ndi a ku Britain, ndipo m'kati mwake muli fyuzi. A ku Joni ambiri ndi a mano atatu aakulu obulungira, a ku Italy ndi a mano atatu ang'onoang'ono ondandalika mzera umodzi, a ku America ndi afulati. Adaputa imathandiza kuti pulagi ilowe basi, siisintha mphamvu ya magetsi ngakhale pang'ono. Ambiri amapusitsidwa pamenepa. Ndipo chizolowezi chotsegula soketi ndi chivindikiro cha bolopeni kapena kulowetsamo mawaya opanda pulagi n'kuwapanikiza ndi timitengo ta machesi tichileke. M'nyumba zathu muli ana okwawa.

Wotchi yonama

Amalume anga ena anatumizira agogo wailesi yokhala ndi wotchi ya manambala ofiira kuchokera ku America. Thiransifoma inagulidwa, wailesi inalira bwinobwino, koma wotchi inkatsalira tsiku lililonse. Agogo anafika poganiza kuti mwina ikuwerengabe nthawi ya kwawo.

Chifukwa chake n'chakuti mawotchi ambiri olumikiza ku magetsi sadziwa okha kutalika kwa sekondi. Amangowerenga kusinthasintha kwa magetsi kuja. Wotchi ya ku America imadikira maulendo 60 kuti inene kuti sekondi yatha. Kuno imalandira 50 okha pa sekondi, choncho imatsalira mphindi 10 pa ola lililonse, kutanthauza maola 4 pa tsiku. Mukaikonza 9 koloko usiku n'kuitchera kuti ikudzutseni 5 koloko m'mawa, idzalira nthawi ili 6:36, Misa ya 6 koloko ili kumapeto. Wotchi ya kuno ikapita ku America imachita zosiyana, imathamanga mphindi 12 pa ola. Thiransifoma singathandize chifukwa imasintha mavolti okha, Hertz siikhudza. Mawotchi ena ali ndi kabatani kolembedwa 50/60 kumbuyo, ndipo ngati kalipo vuto latha.

Izi sizichitikira ife tokha. Kumayambiriro kwa 2018 mawotchi a mtundu umenewu m'maiko ambiri a ku Ulaya anatsalira pafupifupi mphindi 6 chifukwa cha mkangano wa za magetsi pakati pa Serbia ndi Kosovo, umene unatsitsa pang'ono liwiro la magetsi a maiko onse olumikizana nawo. Kuno tilinso ndi vuto lina, loti magetsi akathima wotchi yotere imaiwala nthawi. Wotchi ya batire ndiye yodalirika, pakuti ili ndi kamwala ka quartz kamene kamanjenjemera maulendo 32,768 pa sekondi kaya kali ku Bangwe kaya ku Boston.

Ku Ulaya kumagulitsidwanso mawotchi odzikonza okha pomvera chizindikiro cha wailesi. A ku Germany amamvera siteshoni ya DCF77 ya pafupi ndi Frankfurt, yomwe imafika makilomita pafupifupi 2,000. Kuno chizindikirocho sichifika, ndiye musaononge ndalama zambiri pogula wotchi yotere kuti ikhale mphatso ya kumudzi.

Kunena za nthawi, tikumbukirenso kuti Malawi sasintha mawotchi chaka chonse, ndipo nthawi yathu ndi imodzi ndi ya ku Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa. Maiko a ku Ulaya amakankhira mawotchi kutsogolo ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Marichi n'kuwabweza Lamulungu lomaliza la Okutobala. Choncho ikakhala 12 koloko masana ku Blantyre, ku Roma imakhala 11 koloko mu Disembala koma 12 koloko mu Julayi, ku London 10 koloko mu Disembala ndi 11 koloko mu Julayi, ku New York 5 koloko m'mawa mu Disembala ndi 6 koloko mu Julayi. Ku Nairobi imakhala 1 koloko chaka chonse. Mwana amene ali ku New York akaimba foni 7 koloko madzulo mu Disembala amadzutsa makolo 2 koloko usiku, ndipo tonse tikudziwa chimene mtima wa kholo umayamba kuganiza foni ikalira nthawi imeneyo.

Wailesi ya kwathu kumveka kutali

Funso loyamba la munthu amene wafika kuchilendo ndi lakuti, kodi MBC kapena Radio Maria ndiipeza pati? Pa FM sangaipeze. Mafunde a FM amayenda molunjika ngati kuwala, sakhota kutsata kubulungira kwa dziko, ndipo phiri limawatchinga. Ife a m'mphepete mwa phiri la Soche tikudziwa kuti siteshoni ingamveke bwino pa nyumba imodzi n'kumavuta pa nyumba ina ya kuseri. Nanga kuli bwanji ku Johannesburg?

Makolo athu ankadalira shortwave. Mafunde ake amakwera kumwamba, n'kunjanja pa mpweya wina wa kutali umene akatswiri amautcha ionosphere, n'kukagwa makilomita zikwi zingapo kuchokera pamene anayambira. Ndi mmene anthu a ku Nyasaland ankamverera mapulogalamu a Chinyanja ochokera ku Lusaka pa kawailesi ka mabatire kotchedwa Saucepan Special, kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1949 ndipo kankaoneka ngati sefuliya. Wailesi ya Vatican, yomwe Papa Pius XI anaitsegula mu 1931 mothandizidwa ndi Guglielmo Marconi, inafika ku Africa mwa njira yomweyo. Channel Africa, yomwe mpaka 1992 inkatchedwa Radio RSA, inkaulutsa Chinyanja kuchokera ku Meyerton kufikira pamene milongoti ya kumeneko inatsekedwa mu 2019. Lero njira yapafupi ndi intaneti. Mawailesi athu ambiri, monga MBC, Zodiak ndi Radio Maria Malawi, amamveka pa foni kulikonse kumene kuli netiweki.

Wailesi yobwera kuno nayo ili ndi zake. Kuno FM imayambira pa 87.5 mpaka 108, koma ku Japan inkayambira pa 76 n'kulekezera pa 90. N'chifukwa chake galimoto zambiri zakale zochokera ku Japan zimagwira masiteshoni awiri kapena atatu okha. Amakaniko amaikamo kachipangizo kotchedwa band expander, kamene kamatsitsa masiteshoni a pamwamba kuti alowe m'malire a wailesiyo, ngakhale manambala ooneka pa wailesi sakhalanso oona. Mawailesi a mabatani a ku America amalumpha 88.1, 88.3, 88.5, motero siteshoni yothera ndi nambala ngati 2 kapena 4 amaiphonya. Ena ali ndi posinthira dera, ndipo kabuku kake kamanena. Wailesi yachikale yopotokola ndi dzanja ilibe vuto limeneli.

Dishi iloze kuti?

Masetilaiti a kanema ali pamwamba pa mzera wa equator, pa mtunda wa makilomita 35,786. Pamenepo amazungulira dziko kamodzi pa tsiku, mofanana ndi mmene dziko limazungulirira, ndiye kwa ife amaoneka ngati aima malo amodzi. Ife tili kummwera kwa equator, choncho madishi athu amaloza chakumpoto. Amene ali ku Roma kapena ku London amaloza chakummwera. Wobwera kuchokera ku Ulaya akamangirira dishi monga ankachitira kumeneko, adzaona mdima wokhawokha.

Setilaiti iliyonse ili ndi malo ake. DStv, yomwe inayamba mu 1995, imatumiza mapulogalamu a ku South Africa kudzera pa Intelsat 20 pa madigiri 68.5 kummawa, ndipo a maiko ena ambiri a mu Africa kudzera pa Eutelsat pa madigiri 36 kummawa. Mzinda wa Blantyre uli pa madigiri 35 kummawa, ndiye setilaiti ya pa 36 ili pafupifupi pamutu pathu, yokwera madigiri ngati 70, pamene ya pa 68.5 ili chakummawa ndipo ndi yotsikirapo. Kuphonya ndi digiri imodzi kapena ziwiri n'kokwanira kutaya chithunzi. Nthambi ya mango, khoma la nyumba yoyandikana, ngakhale mvula yamphamvu zimadula mafundewa. Chithunzi chikathawa nthawi ya mvula musakwere padenga, dikirani ikate chibwerera chokha. Koma mphenzi zikamang'anima zulani pulagi ndi waya wochokera ku dishi.

Kuona setilaiti sikokwanira. Iyo ili ngati tochi, imawalitsa dera limene yalozetsedwa. Dikoda ya Sky ya ku Britain imadalira masetilaiti a Astra pa madigiri 28.2 kummawa, amene kuwala kwake kunalozetsedwa ku Britain ndi ku Ireland. Kuno ndi bokosi chabe. Chimodzimodzi wansembe amene wanyamula dikoda ya kuno kupita nayo ku Roma sapindula kanthu. Ku New York ndiye setilaiti ya pa 36 siioneka n'komwe, yabisika kuseri kwa dziko. Kuonjezera apo, dikoda yolipira imalembetsedwa m'dziko limodzi, ndipo eni mapulogalamu ali ndi mphamvu yotseka. Ambiri akukumbukira mmene mu 2013 matchanelo a SABC, omwe anthu a m'maiko oyandikana ndi South Africa ankaonera ulere, anazimiririka tsiku limodzi kampani ya Sentech itawatseka.

Kanema weniweniyo nayenso ali ndi chilankhulo chake. Pamene Television Malawi inkayamba mu 1999 tinkagwiritsa ntchito njira ya PAL, pomwe America inali pa NTSC. Masiku ano tili pa DVB-T2, njira ya madikoda a Kiliye Kiliye, pomwe America ili pa ATSC ndipo Japan pa ISDB-T. Kanema wogulidwa ku America sangagwire yekha matchanelo a kuno ndi mlongoti. Angagwire ntchito ngati mwalumikiza dikoda ya kuno ndi waya wa HDMI, malinga magetsi ake akhale ogwirizana ndi athu, ngakhale ena amakanabe zithunzi za 50 Hertz.

Tisananyamule

Kwa a Bambo ndi abale amene mukukonzeka ulendo, pempho langa ndi lakuti munyamule zochepa: foni, tchaja cholembedwa 100–240V, adaputa yoyenera dziko mukupitalo, ndi kawotchi ka batire. Simbi, ketulo, kanema ndi dikoda mukagule komweko, ndipo pobwera mukazisiyire amene akulowa m'malo mwanu. Kwa inu makolo amene ana amakufunsani chimene mukufuna kuti akutumizireni, auzeni ayambe awerenga timalemba ta kumbuyo asanalipire, kapena atumize ndalama mugule ku Limbe chinthu chopangidwira magetsi a kuno, chimene chikavuta mungabwerere nacho kusitolo. Mphatso ikafika, musathamangire kuilumikiza alendo ali pakhomo. Itanani wodziwa za magetsi aione kaye. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo phula la magetsi limadula ndalama za miyezi ingapo zimene mwana wanu anakhetsera thukuta kuchilendo.