MKANDA PA CINGWE CA MBEDZA

Alimi anzathu a ku Mchesi, cimanga cikalowa m'nkhokwe ndipo fodya akapita ku msika, ndiwo zimayamba kusowa. Pamenepo ambiri atsikira ku mtsinje wa Lilongwe kukawedza milamba. Ena athira katupe m'maiwe, koma ife tikana njira imeneyi, pakuti ipha nsomba zonse ndi tiana tomwe. Ndiponso lamulo la usodzi la 1997 liletsa kupha nsomba ndi mankhwala.

Njira yabwino ndi iyi. Lowetsani ku cingwe kamtovu koboola, kapena kanati ka njinga. Pambuyo pace lowetsani mkanda umodzi. Mangani mfundo pansi pa mkandawo, siyani cingwe ca mainchesi 12, ndipo ku nsonga mangani mbedza. Mkanda uteteza mfundo kuti mtovu usaiperese. Mlamba ukagwira nyongolotsi, cingwe cidutsa m'ciboo ca mtovu. Nsomba siimva kulemera, cotero siilavula nyambo.

Cenjerani: mkanda ukule kuposa ciboo ca mtovu, mfundo ikule kuposa ciboo ca mkanda, apo ai zonse zitsetserekera pa mbedza. Mlamba umodzi waukulu ukwana ndiwo za banja, ndipo mtsinje ukhalabe ndi nsomba caka ca mawa.