Zinthu 7 Zodabwitsa pa Nyimbo za Alan Namoko wa ku Thyolo

Amene anakula akumvera wailesi ya MBC m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 sangawaiwale mawu a malemu Alan Namoko. Nyimbo ngati "Lameki" ndi "Ana Osiidwa" zili ndi kwawo, ndipo kwawoko ndi ku Thyolo, pakati pa minda ya tiyi.

1. Ankaimba jazi ya kumudzi. Gulu lawo linkatchedwa Chimvu Jazz Band, koma munalibe malipenga kapena piyano monga m'magulu a ku New Orleans. Kwathu kuno dzinali linkaperekedwa kwa magulu oimba ndi banjo ndi ng'oma, opanda magetsi, ovinitsa anthu pamsika, pamowa ndi paukwati.

2. Banjo inachita kubwerera kwawo. Chida chimenechi chinapangidwa ku America ndi akapolo ochokera ku Africa, potengera zoimbira za zingwe za kumadzulo kwa Africa. Kuno chinatchuka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, pamene asilikali ndi anthu obwera ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia ankafika ndi zida komanso maimbidwe atsopano.

3. Zida zambiri zinali zopanga okha. Anyamata a magulu otere ankatenga chigubu cha mafuta, thabwa ndi waya wa mabuleki a njinga n'kupanga banjo. Kulira kwake kwakuthwa, komveka patali popanda chokuzira mawu, n'kumene kunakhala chizindikiro cha maimbidwewa.

4. Chilomwe cha m'nyimbozi chinadzera m'maesiteti. A Namoko ankaimba m'Chichewa ndi m'Chilomwe. Alomwe ambiri analowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pothawa nkhanza za Apwitikizi, ndipo anakhazikika m'minda ya azungu ku Mulanje ndi ku Thyolo. Anabwera ndi ng'oma zawo, kuphatikizapo gule wa tchopa amene bungwe la UNESCO linamuvomereza mu 2014. Mwana wokulira kumeneko amakula ng'omazi zili m'khutu.

5. Chisoni cha m'mawu awo chili ndi mbiri. Ku Thyolo ndi kumene thangata inaluma kwambiri: munthu ankalipira malo okhala pogwira ntchito m'munda wa mzungu, ndipo dongosololi linathetsedwa mu 1962. Maesiteti ngati Satemwa, imene inayamba mu 1923, Conforzi ndi Naming'omba anakuta malo aakulu, midzi n'kupanikizana m'mphepete. Choncho woimba akadandaula za umasiye ndi umphawi, wothyola tiyi sankafuna womumasulira. Ankamva nkhani ya pakhomo pake.

6. Akunja anamvamo blues, gwero la nyimbo za rock. Chimbale cha "Ana Osiidwa" chitatuluka kunja kudzera ku kampani ya Pamtondo, omvera anafanizira mawu a Namoko ndi a oimba blues akale a ku Mississippi. Kufananaku kulipodi: mawu okoka molira, chida chimodzi chotsogolera, ndi kayimbidwe kobwerezabwereza. Koma a Namoko sankatsanzira munthu. Onsewa anatunga pachitsime chimodzi cha kuimba mopokezana ndi kudandaula poyera, monga amachitira amayi pamtondo.

7. Zonsezi anazichita ali osaona. Nthawi imene munthu wolumala ankayembekezeka kukhala pakhonde n'kumadikira thandizo, iwo ankatsogolera gulu, kupeka nyimbo ndi kumveka dziko lonse. Anamwalira mu 1995, koma oimba achinyamata akubwerezabe nyimbo zawo ndi magitala a magetsi.

Thyolo timaitama chifukwa cha tiyi amene amapita kunja. Tiyenera kuitamanso chifukwa cha maimbidwe amenewa, powaphunzitsa m'sukulu ndi kusunga bwino matepi akale a ku MBC asanawonongeke.