Injini Yachilendo M'lole Yakale ku Thuchila

[Kulira kwa injini ya dizilo, kenako kutsika pang'onopang'ono]

Lero tili ku Thuchila m'boma la Mulanje, dera lomwe dzina lake ndi la mtsinje wotsika m'phiri la Mulanje n'kukathira mu Ruo. Inu oyenda mumsewu wa Midima, womwe mu 2006 unapatsidwa dzina la Robert Mugabe, mtsinjewu mumaudziwa, poti mumauwoloka cha ku Nkando. Koma ife pa tala sitikhalitsapo. Tikhotera m'misewu ya fumbi, m'makande momwe mumachokera nandolo, chimanga, chinangwa ndi mbatata. Katundu ameneyu satuluka yekha m'mudzi. Amatuluka pamsana pa malole ndi mapikapu, ena mwa iwo achikulire kuposa madalaivala awo.

Akuluakulu akukumbukira Bedford ya mphuno yaitali ija, yomwe inayamba kupangidwa ku Britain mu 1958. Akukumbukira Land Rover, Peugeot 404, Toyota Stout ndi Hilux zoyambirira, zomwe zinkapita kumisika ya ADMARC zitasenza matumba mpaka masipuling'i kuwongoka. Zambiri zinatha, zinasanduka makasu, mbaula ndi ngolo. Zina zikuyendabe. Koma mukatsegula boneti mupeza kuti injini yomwe ili m'katimo si imene galimotoyo inabadwa nayo. Ya petulo ija inachoka kalekale, munalowa ya dizilo yochokera ku Japan: Toyota 2L ya malita 2.4, 3L ya malita 2.8, kapena Nissan TD27. M'malole okulirapo mumalowa za Isuzu ndi za Mitsubishi Canter.

Chifukwa chake n'chosabisika. Injini yakale ya petulo imamwa mafuta kwambiri, ndipo zipangizo zake zinasowa m'masitolo a ku Limbe. Ya dizilo imayenda mtunda wautali pa lita imodzi, imakoka bwino pamatope ndi pamtunda. Kugula lole ina n'kosayambika, makamaka kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndiye mwini lole amagulitsa nandolo, n'kukwera minibasi ya ku Limbe, n'kubwerako ndi injini yogwirapo kale ntchito.

Kukweza injiniyo n'kuikhazika pa chasisi ndi ntchito yooneka, anthu amachita kuunjikana kuonerera. Mitengo itatu, tcheni, anyamata amphamvu ndi wowotcherera mmodzi, yakhala. Mwini lole amayamba kuwerengera maulendo a ku Luchenza. Makaniko wodziwa ntchito sasekerera nawo msanga, chifukwa akudziwa kuti mawaya onse, mabuleki ndi chiwongolero anazipangira injini inachoka ija.

[Kiyi kutembenuka, sitata kugogoda kamodzi n'kukhala chete]

Kugogoda kumene mwamvako ndiye dandaulo loyamba. Injini ya petulo imapanikiza mpweya ka 8 kapena ka 9, sipakipulagi n'kuyatsa. Ya dizilo ilibe sipakipulagi. Imapanikiza mpweya kupitirira ka 20 mpaka utenthe wokha, dizilo akalowa n'kuyaka. Kuti sitata itembenuze injini yolimba chomwecho imafuna moto wambiri, ndipo batire laling'ono lakale lija ndi mawaya ake owonda sizikwanitsa. Anthu ambiri amathamangira kunena kuti awagulitsa sitata yakufa. Makaniko wodekha amayamba wagwira mawaya: ngati atentha pongoyesa kuliza, vuto lili pamenepo.

Ndipo pali waya umodzi umene umaiwalika kawirikawiri, wa earth, wolumikiza injini ku chasisi. Injini imakhala pa mabala a mphira, ndipo mphira sadutsa moto. Pochotsa injini yakale wayayo amachoka nayo, pobwezeretsa palibe amene amaukumbukira. Moto ukasowa njira yobwerera ku batire umadzipezera yokha, umadutsa mu kebulo ya akiseleta kapena ya handibuleki. Mukamva dalaivala akudabwa kuti kebulo yake yapsa popanda chifukwa, kapena kuti magetsi akutsogolo akuphethira akaponda buleki, muuzeni ayang'ane pamenepo, apale dzimbiri ndi penti mpaka chitsulo chiwale, amange waya wonenepa.

Nkhani ina ndi ya mavoti. Mapikapu ambiri ndi malole akale amayendera mavoti 12, pamene injini zambiri za malole a ku Japan, monga Canter, zimabwera ndi sitata ndi otoneta za mavoti 24. Njira yachidule imene ambiri amatsata ndi kulumikiza mabatire awiri kuti apereke 24, kenako n'kuba 12 pa batire limodzi kuti ayatsire magetsi, hutala ndi wayilesi. Lole imalira ndithu, aliyense n'kuwomba m'manja. Pakapita miyezi ingapo batire lobedwalo limafooka chifukwa silikhuta, linzake limawira chifukwa likukhuta mopyola, onse awiri n'kuthera limodzi. Pamtengo wa batire lero, kuchenjera kumeneku n'kodula kuposa kugula kachipangizo kotsitsa mavoti, kapena kusintha mababu onse ndi mota ya waipa kuti galimoto yonse ikhale ya 24.

Kuno kuphiri kumazizira. Mu June ndi July chiperoni chikatsika, injini za 2L, 3L ndi TD27 sizidzuka popanda mahita, timapulagi totenthetsa m'mutu mwa injini. Anayi onse pamodzi amakoka moto woposa umene swichi ya kiyi yakale ingapirire, n'chifukwa chake pamafunika rileyi ndi fyuzi yakeyake. M'magalaji a pansi pa mtengo amaika batani loti dalaivala azidina ndi chala. Palibe cholakwika pamenepo, bola chala chidziwe kuwerenga. Masekondi ochepa akwana. Wodina mpaka atamaliza kupereka moni kwa anansi amawotcha mahita, mawa lake ndiye uja mumamuona akuitana ana a sukulu kuti amukankhe.

Chodabwitsa kwambiri kwa mwini lole ndi ichi: wafika pakhomo, watembenuza kiyi, wamuzula n'kumuika m'thumba, injini ikungolirabe. Ena amayamba kuganizira anthu a m'mudzi. Mulibe ufiti m'menemo. Injini ya petulo imazima ukaimana moto, pomwe ya dizilo imazima ukaimana mafuta. Pa pampu ya dizilo pali kasolenoidi kamene kamatseka mafuta moto ukachoka. Ngati waya wake walumikizidwa pamodzi ndi wa nyale yofiira ya batire, otoneta imabweza moto pang'ono kudzera m'nyaleyo, ndipo pang'ono pomwepo pamakwana kuti kasolenoidi kasatseke. Mankhwala ake ndi kadayodi kotsika mtengo kapena rileyi. Injini zakale kwambiri zilibe n'komwe solenoidi, zimazima pokoka kebulo, ndiye mupeza chingwe chikulendewera pafupi ndi bondo la dalaivala.

Otoneta yomweyo ili ndi ntchito ina imene anthu saidziwa. Injini ya petulo imayamwa mpweya mwa njira yoti imathandiza buleki kufewa. Ya dizilo siitero, ndiye pa injini ngati 2L ndi 3L anaika kapampu kumbuyo kwa otoneta kogwira ntchito imeneyo. Munthu akasinthanitsa otoneta ndi ina yopanda kapampuko, poti ndi imene yapezeka pamsika, batire limatchajidwa bwinobwino, mita n'kumawerenga mavoti 14, koma buleki imauma gwa. Amadzazindikira ali pamtsetse, matumba ali pamwamba.

[Chitsulo kugogoda pansi pa galimoto, jeke kukwera]

Tsopano tilowe pansi pa lole, komwe eni ake ambiri safuna kuwonongako ndalama. Vuto la magetsi limadzilengeza lokha: lole siilira, ndiye mwini amalipira tsiku lomwelo. Vuto la chiwongolero limalola galimoto kuyenda, ndipo chilichonse choyenda kuno chimapakiridwa katundu ndi anthu.

Injini ya dizilo ndi yolemera kuposa ya petulo ya msinkhu womwewo, kuwonjezapo batire lalikulu kapena awiri. Kulemera konseko kumatsamira kutsogolo. Masipuling'i otopa kale aja amagona, mphuno ya galimoto imatsika, ndipo kaimidwe ka matayala kamasintha. Dalaivala amayamba kudandaula kuti sitelingi yauma, kuti akakhota siibwerera yokha, kuti akagunda kadzenje pa liwiro chiwongolero chimanjenjemera mpaka manja kuchita dzanzi. Matayala akutsogolo amadyeka mbali imodzi. Apa pofunika kuwonjezera tsamba pa sipuling'i kapena kuwapindanso, kuona makingipini ndi matayirodi ngati akugwedera, kuthira girizi, kenako kukayezetsa matayala. Kupopa mpweya wambiri kuti chiwongolero chipepuke n'kudzinamiza chabe.

Choopsa chenicheni chili pa sampu, beseni la oilo pansi pa injini. Injini imodzimodziyo imabwera ndi sampu yosiyana malinga ndi galimoto imene inachokamo, ina yotupa kutsogolo, ina kumbuyo. Ikatupira kolakwika imakhala panjira ya ndodo yochokera ku bokosi la sitelingi kupita ku tayala. Lole ili chiimire, yopanda katundu, pamaoneka mpata wokwana zala ziwiri, aliyense n'kukhutira. Pakirani matumba a chimanga a makilogalamu 50, tsikirani pamadooko, tayala limodzi likwere pamwala: mpata uja watha, ndodo yakhudza sampu, chiwongolero chakana kukhota.

Ndiye pali amisiri ena amene amati akaona zimenezi amatenga moto wa gasi, n'kuifiiritsa ndodoyo, n'kuipinda kuti izungulire sampu. Ena amaidula n'kuiwotcherera. Ine pano sindinyengerera: ntchito imeneyo ndi yoika anthu m'manda. Chitsulo cha sitelingi chinaumbidwa mwapadera, chikapsa chimataya mphamvu, ndipo sichichenjeza tsiku lothyoka. Chofunika kusintha ndi sampu pamodzi ndi paipi yake yoyamwa oilo, kapena kukweza injini pang'ono pa mabala ake. Amisiri a ku Ndirande amatha kudula sampu n'kuiumbanso, ndipo sampu ikadontha umangoona oilo pansi n'kuima.

Injini zambiri zimabwera ndi pampu ya power steering ili pomwepo, ndipo dalaivala amene wakhala akulimbana ndi chiwongolero chouma amaisirira. N'zotheka kuiika, koma bokosi lake silikhala pa mabowo a bokosi lakale. Akaboola chasisi mwachisawawa, opanda kulimbitsa ndi chitsulo china, mphamvu ya oilo imakankha bokosilo tsiku ndi tsiku mpaka chasisi kung'aluka mozungulira mabawuti. Mapaipi ake asadutse pafupi ndi ekizozi, ndipo akhale opirira mphamvu, osati paipi ya madzi yomangidwa ndi waya. Pampu ikamalira ngati mwana wa mbuzi pokhota, mwalowa mpweya: kwezani kutsogolo pa jeke, zunguzani chiwongolero uku ndi uku kangapo, mukuwonjezera oilo wake wofiira mpaka thovu litatha.

Madzi nawo amawonjezera zawo. Dera lino linamira mu January 2015, linamiranso ndi namondwe wa Freddy mu March 2023, ndipo galimoto zomwe zinawoloka madzi amenewo kapena kugona m'matope zinatsala ndi dzimbiri m'malo olumikizira mawaya ndi mchenga m'makingipini. Waya wopotokola ndi manja n'kukulunga pulasitiki ya shuga amagwira m'chilimwe, dzinja likafika shoti yayamba.

Makaniko amene amalemekeza ntchito yake sapereka kiyi lole ili yopanda kanthu. Amati abwana, tipakire kaye. Amaikweza katundu, mnyamata wake n'kugona pansi ndi tochi, iye akuzunguza chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse. Kenako amaitengera pamsewu wa mabampu, amaponda buleki kangapo motsatizana, amazimitsa ndi kiyi, amayatsa magetsi onse n'kugwira mawaya ngati akutentha. Zikatha izi pamatsala ulendo wa ku Blantyre, ku ofesi ya Road Traffic, chifukwa nambala ya injini ndi mtundu wa mafuta zolembedwa mu bulu buku n'za injini inachoka ija. Osakasintha mapepalawo, COF imavuta kutuluka, ndipo wapolisi wapamsewu akatsegula boneti n'kuyerekeza manambala, lole imagona pomwepo ndi nandolo wake.